Augustus Waller, Munthu Amene Anawerenga Mtima Popanda Kung'amba Chifuwa

Mu Julaye 1909, m'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain munabuka nkhani ya galu. Dzina lake anali Jimmy, wa mtundu wa bulldog, agalu aja amphuno yophwatalala ndi masaya olendewera. Phungu wa dera la Anglesey ku Wales, Ellis Griffith, anafunsa nduna yoona za m'dziko ngati inamva zoti pa chionetsero cha bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society, galu anavekedwa lamba wa misomali m'khosi n'kuimikidwa mapazi ali m'mitsuko ya madzi amchere yolumikizidwa ku mawaya. Phunguyo ankafuna kudziwa ngati lamulo la mu 1876 loletsa kuchitira nkhanza nyama silinaphwanyidwe.

Ndunayo, Herbert Gladstone, inayankha kuti lambayo anali wachikopa wamba wokongoletsedwa ndi timabatani tamkuwa, kuti galuyo sanamangidwe chingwe kapena kutsekedwa pakamwa, ndipo zimene ankamva kumapazi n'zimene amamva aliyense amene waponda m'nyanja yamchere. Inawonjezera kuti akanakhala kuti akumva ululu, oyamba kudziwa akanakhala anthu amene anaima pafupi ndi mano ake.

Mwini galuyo anali Augustus Desiré Waller, mphunzitsi wa za kagwiridwe ntchito ka thupi ku London. Mawaya aja sankalowetsa magetsi mwa Jimmy ayi. Ankatola magetsi ochepetsetsa amene mtima wa galuyo unkapanga wokha, n'kuwapititsa ku makina kuti anthu awaone. Masiku ano kuyeza kumeneku timakutcha ECG. Ambiri a ife tinagonekedwapo pabedi la kuchipatala atatimata timawaya pachifuwa, ndipo abale athu amene ndi anamwino ku Manchester, Johannesburg kapena Dallas amayeza anthu chomwechi tsiku ndi tsiku. Madokotala a ziweto nawonso amayeza agalu, amphaka, mahatchi ndi ng'ombe mwa njira yomweyi. Woyamba kusonyeza poyera kuti mtima wa munthu ungawerengedwe chotere anali Waller, ngakhale kuti mwiniwakeyo anachedwa kukhulupirira kuti zidzathandiza odwala ambiri.

Mwana wokulira m'mayiko a eni

Waller anabadwira ku Paris, m'dziko la France, mu 1856. Bambo ake, Augustus Volney Waller, anali Mngelezi, katswiri wa mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi. Iwowa ndi amene anasonyeza mu 1850, poyesa pa lilime la chule, kuti mtsempha wotere ukadulidwa, mbali imene yalekana ndi phata lake imafota. Mpaka lero madokotala amatchula kufota kumeneku ndi dzina lawo.

Mwanayo anaphunzira sukulu ku Geneva, ku Switzerland, kumene amalankhula Chifalansa. Bambo ake anamwalirira komweko mu 1870, iye ali ndi zaka 14, ndipo banja linasamukira ku Aberdeen ku Scotland. Kumeneko anaphunzira udokotala n'kumaliza mu 1878. Ananu amene mumalankhula Chichewa kukhitchini ndi Chingelezi kusukulu mukuudziwa moyo wotere: kusintha dziko, chilankhulo ndi anzako usanakule n'komwe. Waller sanataye chilankhulo cha paubwana wake. Atakula ankafalitsa zofufuza zake m'Chingelezi ndi m'Chifalansa momwe.

Atachoka ku Scotland anapita ku University College ku London, kumene anagwira ntchito ndi John Burdon-Sanderson, yemwe ankafufuza za magetsi a mumtima wa chule. Mu 1883 anayamba kuphunzitsa pa London School of Medicine for Women, sukulu imene inatsegulidwa chifukwa sukulu zina za udokotala zinkakana akazi. Chaka chotsatira anapatsidwanso ntchito pa chipatala cha St Mary's ku Paddington. Anakwatira Alice Palmer, yemwe anaphunzira pa sukulu ya akazi ija, mwana wa George Palmer wa kampani yopanga mabisiketi ya Huntley & Palmers ku Reading. Nyumba yawo ku St John's Wood inali ndi labotale yakeyake, ndipo mkazi wake, ana, alendo ndi agalu a pakhomo onse ankalumikizidwa ku mawaya. Mwana wawo wamkazi, Mary Waller, anadzakhala katswiri wa fizikisi n'kumaphunzitsa pa sukulu yomwe makolo ake anakumanirana.

Magetsi a mumtima

Kuti timvetse zimene Waller anachita, tiyambe tadziwa mtimawo. Mtima wa munthu, wa galu, wa mbuzi kapena wa hatchi uli ndi zipinda zinayi: ziwiri zam'mwamba zolandira magazi, ndi ziwiri zam'munsi zowapopa kupita kumapapo ndi kuthupi lonse. M'chipinda cham'mwamba chakumanja muli kagulu ka maselo kamene kamagwira ntchito ngati woimba ng'oma pa gule: kakaomba, mtima wonse umatsatira. Kagulu kameneka kamatulutsa mphamvu ya magetsi imene imafalikira m'zipinda zam'mwamba, ndipo zipindazo zimafinyika. Kenako mphamvuyo imafika pa kachipata kamene kali pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, n'kuchedwetsedwa pang'ono kuti magazi atsike kaye. Ikadutsa pamenepo imathamanga m'tinjira tapadera n'kufinya zipinda zam'munsi nthawi imodzi.

Zambiri mwa zimenezi zinadziwika kudzera m'nyama. Tinjira tam'munsi tija anatiwona koyamba Jan Purkinje mumtima wa nkhosa. Kachipata kaja anakafotokoza Sunao Tawara wa ku Japan mu 1906, ndipo woimba ng'oma uja anamupeza Arthur Keith ndi Martin Flack mu 1907, mumtima wa kanyama kofukula pansi konga mfuko. Choncho pamene Waller ankayamba ntchito yake, ziwiri zomalizazi zinali zisanadziwike. Chimene chinkadziwika n'chakuti mtima umatulutsa magetsi pa kugunda kulikonse. Akatswiri awiri a ku Würzburg ku Germany, Kölliker ndi Müller, anasonyeza zimenezi pa chule mu 1856, chaka chomwe Waller anabadwa. Koma onse oyeza ankayamba ang'amba chifuwa cha nyama kuti mawaya akhudze mtima weniweniwo. Pa munthu wamoyo zimenezi zinali zosatheka.

Waller anaganiza motere: thupi ndi lodzaza ndi madzi amchere, ndipo madzi amchere amadutsa magetsi. Ngati zili choncho, magetsi a mumtima ayenera kufika mpaka pakhungu, ngakhale atakhala ochepa chotani.

Chaka cha 1887

Chipangizo chimene anagwiritsa ntchito chinapangidwa ndi Gabriel Lippmann wa ku France. Kanali kachubu kagalasi kopyapyala kwambiri, momwe munali asidi ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija chinkakhala m'mathemometa akale. Magetsi akangodutsa, mercury ankasuntha pang'ono zedi. Waller anakulitsa chithunzithunzi cha kusunthako ndi maikulosikopu n'kuchiwunikira pa galasi lojambulira zithunzi. Kuti galasilo liziyenda pang'onopang'ono, analikweza pa kasitima koseweretsa ana.

Mu 1887, pa St Mary's, anamangirira tizitsulo tiwiri tokutidwa ndi chikopa chonyowetsedwa m'madzi amchere, kamodzi pachifuwa kena kumsana kwa munthu. Pa galasi paja panatuluka mzere wokwera ndi kutsika kawiri pa kugunda kulikonse. Anajambulanso kugunda kwa mtima kumene kumamveka pachifuwa, n'kuona kuti magetsi amayamba, kufinyika kwa mtima kumabwera pambuyo. Zotsatirazi anazifalitsa chaka chomwecho m'magazini ya Journal of Physiology.

Kenako anapeza kuti sikofunika n'komwe kuvula malaya. Munthu akaviika dzanja lamanja ndi phazi m'mbale za madzi amchere, mzere unkaoneka bwino, koma akaviika dzanja lamanzere ndi phazi unkaoneka mofooka. Apa anazindikira kuti mtima sunaime chilili, unapendekera kumanzere, ndipo magetsi ake amatsata kupendekerako. N'chifukwa chake mpaka lero oyeza amaika mawaya m'malo angapo: malo alionse amaonetsa mtima kuchokera mbali ina. Kwa galu, amene ali ndi miyendo inayi ndipo amatha kuima phee, mitsuko ya madzi amchere inali njira yosavuta. Jimmy anaizolowera, n'kukhala mnzake wa Waller pa maphunziro ndi pa zionetsero.

Funso la phungu lija tisaliseke. Masiku amenewo anthu a ku London anali atagawikana pa nkhani yoyesera sayansi pa nyama zamoyo, moti mu 1907 ophunzira udokotala analimbana ndi apolisi chifukwa cha chiboliboli cha galu wina wophedwa m'labotale chimene chinaimikidwa ku Battersea. Akatswiri a nthawiyo, ndi Waller yemwe, anapha nyama zambiri pofufuza za mtima. Chosiyana pa Jimmy n'chakuti iye ankabwerera kunyumba ali bwinobwino. Phindu la njira yatsopanoyi linali lomwelo: nyama ikhoza kuyezedwa lero, mawa ndi chaka chamawa, osaicheka paliponse.

Anayambitsa ndi wina, anamaliza ndi wina

Mu 1889, pa msonkhano wa akatswiri ku Basel ku Switzerland, pulofesa wachinyamata wa ku Leiden ku Netherlands, Willem Einthoven, anaonerera Waller akusonyeza njira yake. Einthoven anaona kuti mercury ndi wolemera ndipo amachedwa kusuntha, choncho mzere umatuluka wosalongosoka. Poyamba anaukonza ndi masamu, ndipo mu 1895 anapatsa mapiri ndi zigwa za mzerewo zilembo zimene tikugwiritsabe ntchito: P, Q, R, S ndi T. Pofika mu 1903 anali atapanga makina atsopano okhala ndi kaulusi kopyapyala kwambiri kopakidwa siliva, komangidwa pakati pa maginito akuluakulu. Makinawo ankalemera makilogalamu pafupifupi 270 ndipo ankafuna anthu asanu owayendetsa, koma mzere wake unali womveka bwino.

Waller, mwini chiyambi, anakayikabe. Ngakhale mu 1911 ankaona kuti ECG sidzagwiritsidwa ntchito kwenikweni m'zipatala, kupatula mwa apo ndi apo pojambula kagundidwe kachilendo. Apa sanaone patali. Koma sanaumirire maganizo akewo. Anayamba kugwiritsa ntchito makina a Einthoven, ndipo mu 1917 anafotokozera akatswiri anzake zimene anapeza atayeza ma ECG 2,000.

Amene anatengera makinawa kwa odwala ku London anali dokotala wachinyamata, Thomas Lewis, ndipo nayenso anathandizidwa ndi nyama. Panali matenda ena amene mtima wa munthu umagunda mosokonezeka kotheratu, popanda dongosolo lililonse. Lewis anasonyeza kuti gwero lake ndi zipinda zam'mwamba, zimene zimasiya kufinyika n'kumangonjenjemera. Anapeza kagundidwe komweko mwa mahatchi, ndipo anaona ndi maso ake zipindazo zikunjenjemera mumtima wa hatchi yodwala. Analemba za zimenezi mu 1912. Matendawa amatchedwa atrial fibrillation, ndipo ena mwa makolo athu amamwa mankhwala ake lero.

Zimene dokotala wa ziweto amaona pa mzerewo

Kwathu galu amagona panja, amadya mkute ndipo ntchito yake ndi kulondera. Kunjaku ana athu amafuna galu kapena mphaka wogona m'nyumba, ndipo tsiku lina dokotala wa ziweto amatiuza kuti nyamayo ikufunika ECG. Tisanadandaule za bilu, ndi bwino tidziwe chimene akufunafuna.

Galu kapena mphaka amamugoneka cham'mbali, mbali yakumanja ili pansi, n'kumupana timawaya pakhungu la miyendo atanyowetsapo ndi spiriti kapena mafuta apadera. Hatchi ndi ng'ombe zimayezedwa zili chilili, mawaya ali pakhosi ndi pachifuwa. Palibe ululu, ndipo zimatha m'mphindi zochepa. Pa mzerewo, kaphiri ka P ndi magetsi akudutsa m'zipinda zam'mwamba, nsonga ya QRS ndi magetsi akudutsa m'zipinda zam'munsi, ndipo T ndi zipinda zam'munsizo zikukonzekera kugunda kotsatira. Dokotala amafunsa mafunso ochepa: Mtima ukugunda kangati pa mphindi? Mipata yake ndi yofanana? Kodi P aliyense akutsatidwa ndi QRS, ndipo QRS aliyense ali ndi P patsogolo pake?

Mayankho amatengera mtundu wa nyama. Hatchi yopumula imagunda ka 28 mpaka ka 44 pa mphindi, ng'ombe cha m'ma 60 mpaka 80, galu ka 60 mpaka ka 140 malinga ndi kukula kwake, ndipo mphaka amene ali kwa dokotala amatha kufika ka 200. Si kusokonezeka kulikonse kumene kuli matenda. Mtima wa galu wathanzi amene wagona phee umafulumira akamakoka mpweya n'kuchedwa akamautulutsa. Hatchi yamphamvu ikamapumula, mtima wake umatha kudumpha kugunda kumodzi chifukwa kachipata kaja sikanalole magetsi kudutsa, koma ikangoyamba kuthamanga zimatha.

Kusokonezeka kwina ndi koopsa. Pa atrial fibrillation, P amasowa ndipo mipata imakhala yosafanana. Hatchi yampikisano imayamba kutopa msanga, ndipo matendawa amapezekanso mwa agalu akuluakulu monga Great Dane ndi Irish Wolfhound, komanso mwa ng'ombe zodwala m'mimba. Agalu a mtundu wa Boxer ndi Dobermann amakonda kudwala matenda a mnofu wa mtima, momwe zipinda zam'munsi zimaomba zokha nthawi isanakwane. Kugunda kotere kukachulukana, galu amatha kukomoka kapena kufa mwadzidzidzi. Popeza vutoli limabwera n'kupita, galu amavekedwa kachipangizo kojambula mtima kwa maola 24 ali kunyumba. Agalu ena okalamba, monga a mtundu wa Miniature Schnauzer, woimba ng'oma uja amatopa n'kumaima kwa masekondi angapo. Enanso kachipata kaja kamatsekeka kotheratu, mtima n'kumagunda pang'onopang'ono zedi. Agalu otere amawaika pacemaker, kabatire kotsogolera mtima, monga momwe amachitira ndi anthu.

Nthawi zina vuto silikhala mumtima n'komwe. Mphaka wamphongo akatsekeka njira ya mkodzo, mchere wa potaziyamu umachuluka m'magazi. Pa ECG, T amatalika n'kusongoka, P amazimiririka, mtima umachedwa ndipo ukhoza kuima. Mphaka amene akukhala pa mchenga wake n'kumadzikakamiza koma mkodzo osatuluka sayenera kudikira mawa. ECG ilinso ndi malire ake: imaonetsa magetsi, osati mphamvu ya kupopa kapena mavavu otayikira. Zimenezo amaziona ndi sikani.

Ananu mukhoza kuyesa ichi pamodzi ndi makolo anu, ngati muli ndi galu wofatsa amene akukudziwani. Akagona phee, ikani zala ziwiri mkati mwa ntchafu yake, pafupi ndi mimba, mpaka mumve mtsempha ukugunda. Werengani kwa masekondi 15, n'kuchulukitsa ndi 4. Lembani nambalayo. Mukadziwa kagundidwe kake ali bwino, mudzazindikira msanga kakasintha. Ndipo galu akakomoka, akayamba kutopa pa ulendo umene anauzolowera, kapena akamapuma movutikira atangogona, nkhaniyo ndi ya dokotala.

Zaka zomaliza

Waller anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society mu 1892, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anakhala mkulu wa labotale ya za thupi ya University of London. Sanangokhala pa za mtima zokha. Analimbikira kwambiri nkhani ya chloroform, mankhwala ogonetsa anthu pa opaleshoni amene ankapha odwala ena, ndipo ankanena kuti mlingo wake uziyezedwa m'malo mongothira pansalu mongoyerekeza. Anafufuzanso momwe khungu limasinthira kadutsidwe ka magetsi munthu akachita mantha. Lero galu akagonekedwa kuti achitidwe opaleshoni, mankhwala ogonetsa amayezedwa ndi makina, ndipo pambali pake mzere wa ECG umakhala ukuyenda. Zinthu ziwiri zimene Waller anazivutikira zimakumana m'chipinda chimodzi.

Anamwalira ku London pa 11 Malichi 1922 atadwala sitiroko, ali ndi zaka 65. Patapita zaka ziwiri, mu 1924, mphoto ya Nobel pa nkhani ya ECG inapita kwa Einthoven, ndipo inamuyeneradi. Einthoven mwiniwake sankabisa kuti woyamba kujambula mtima wa munthu anali Waller. Paja mutu umodzi susenza denga: panafunika chule wa ku Würzburg, kachubu ka Lippmann, kasitima ka ana, kaulusi ka ku Leiden ndi hatchi ya Lewis kuti tifike pa kapepala kamene namwino amang'amba pa makina lero.

Ife aphunzitsi timakumana ndi ana ambiri amene amasiya chinthu chifukwa sakuona kumene chidzawafikitse, ndi makolo amene amafunsa kuti phunziro lakutilakuti lidzadyetsa ndani. Waller nayenso sankaona kumene ntchito yake idzafike. Anangofunsa funso lomveka, n'kuliyesa mosamala ndi zipangizo zimene anali nazo, n'kulemba zimene anaona kuti ena apitirize. Opindula kwambiri ndi amene sangathe kufotokoza pamene pakupweteka: khanda, wodwala amene wakomoka, ng'ombe, hatchi, mphaka ndi galu. Onsewa dokotala sangawafunse kanthu, koma mtima wawo akhoza kuuwerenga.